Ayironi kapena mamolekyu: tiyeze ndi chiyani maginito a m'mawanga a padzuwa?

Kuyambira mu 1908, pamene George Ellery Hale anaona ku Mount Wilson, ku America, kuti mizere ya mu sipekitiramu (kuwala komwazidwa m'mitundu yake) ya banga la padzuwa imagawanika chifukwa cha maginito, ntchito yoyeza maginitoyi yakhala m'manja mwa maatomu, makamaka ayironi. Mzere wa ayironi wa 630.25 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala) umene setilaiti ya Hinode imayezera, ndi wa 617.3 nm wa chipangizo cha HMI pa setilaiti ya SDO, imagawanika mooneka bwino, masamu ake ndi odziwika, ndipo deta yake ili pa intaneti. Ngati mukufuna mapu a dzuwa lonse tsiku ndi tsiku, musadzivute, tengani ayironi.

Zinthu zimavuta mukalowa pakatikati pa banga, pakuda bii paja amati umbra. Pamenepo kutentha kumatsika kufika cha m'ma 4,000 K (madigiri a Kelvin), pomwe pozungulira pali pafupifupi 5,800 K. Kuwala kwa m'mbali kumalowerera mu telesikopu n'kusakanikirana ndi kwa pakati, ndipo poti ayironi ali ponseponse, mzere mwajambulawo umakhala wosakaniza. Maginito amaoneka ofooka kuposa mmene alili.

Mamolekyu monga TiO (titaniyamu ndi okosijeni) ndi FeH (ayironi ndi haidrojeni) sapirira moto. Kunja kwa banga amasweka. Mukaona mzere wa TiO cha pa 705 nm, dziwani kuti wabadwira mozizira momwemo. Kuwala kosochera kungauchepetse kuya, koma sikubweretsa TiO wina wochokera kunja. Mzerewu umasinthanso msanga kutentha kukangosuntha pang'ono, ndiye umakuuzani zinthu ziwiri nthawi imodzi: maginito ndi kutentha.

Komatu si zaulere. Mizere ya mamolekyu imathithikana ngati chimanga chosapatulira, ndipo yambiri imagawanika pang'ono chabe. Ku MgH (maginiziyamu ndi haidrojeni), maginito a mu umbra amasokoneza mgwirizano wa m'kati mwa molekyu, zimene zimatchedwa Paschen-Back effect, moti lamulo losavuta la Zeeman, la mmene maginito amagawira mizere, silikwanira. Asayansi Svetlana Berdyugina ndi Sami Solanki anakonza masamu a mizere ya mamolekyu kuyambira cha m'ma 2002, koma amafunabe kudekha, ndi telesikopu yosonkhanitsa kuwala kochuluka, poti umbra ndi wamdima.

Ine ndikanati ndisankhe malo amodzi, ndikanaloza pa 1565 nm. Kugawanika kumakula kwambiri funde la kuwala likatalika, choncho mzere wa ayironi wa 1564.8 nm umatseguka mpaka mphamvu ya maginito mumangoiwerenga pa mpatawo, ndipo pafupi pomwepo pali mizere ya molekyu ya OH (okosijeni ndi haidrojeni) imene imazama mu umbra. Telesikopu ya GREGOR ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain, imajambula pamenepa, zonse ziwiri pa kujambula kumodzi.