Mbande za gardenia za pa nazale ya m'mbali mwa M1 ku Dedza: nyenyezi 4 mwa 5

Ndadikira chaka chathunthu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ubwino wa mbande sudziwika pa tsiku logula.

Ndinagula mbande zitatu za gardenia, chitsamba cha maluwa oyera onunkhira, mu Disembala, mvula itakhazikika, kwa abambo ena amene ali ndi nazale m'mbali mwa msewu wa M1 musanakhotere ku boma. Zinali m'machubu akuda, zotalika kufika m'bondo, masamba ake onyezimira ngati apakidwa mafuta. Zinali zodulirapo poyerekeza ndi maluwa ena onse apamenepo. Abambowo anati chitsambachi sichiyoyola masamba chaka chonse, ndipo sananame. Mu Seputembala, kapinga atauma gwa pabwalo, icho chinali chobiriwirabe.

Ziwiri ndinadzala pafupi ndi khonde, mbali yakum'mawa, pomwe dzuwa limawomba m'mawa koma masana pamakhala kamthunzi. Chachitatu ndinachiika kuseri, pafupi ndi khitchini.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi chifukwa cha chachitatuchi. Kwathu kuno tinazolowera kuwaza phulusa patsinde poopa chiswe, ndipo ine ndinkatero pafupifupi sabata iliyonse popeza mbaula ili pomwepo. Pofika Epulo masamba anthete anayamba kutuluka achikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndikuwonjezera manyowa, koma osasintha. Kenaka mlangizi wa zaulimi amene timapemphera naye anandifotokozera kuti gardenia imafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 5 ndi 6, ndipo phulusa limapha asidiyo. Zikatero mizu imalephera kuyamwa ayironi ngakhale ali m'dothimo. Pomwe ndinkasiya phulusa n'kuti madzi atafika kale m'khosi, ndipo mu Ogasiti chinauma. Zinandipweteka kwambiri. Wogulitsa mbande zotere amayenera kunena zimenezi asanalandire ndalama, makamaka kwa ife amene phulusa ndi mankhwala athu oyamba. Nditabwerera kukawauza, anapepesa mwaulemu, osakangana nane, ndipo pamenepo ndiwayamikire.

Ziwiri zapakhonde zinapulumuka. Ndinaphimbira patsinde ndi masamba ouma a paini, omwe kuno ku Dedza sasowa, ndipo ndimathirira ndi madzi a mvula amene ndimasunga mu dilamu akakhalapo. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kunaziimitsa kukula. Usiku wina chisanu chinawaula nsonga za masamba, ndiye ndinayamba kuzifunditsa thumba usiku mpaka nyengo itafunda.

Duwa loyamba linamasula mu Novembala. Loyera mbee, lokula ngati chikhatho cha mwana, lopindanapinda ngati rozi. Koma fungo lake! Madzulo mphepo ikadeka limalowa pazenera mpaka kuchipinda. Apongozi anga, amene sakonda kuyamikira zinthu msanga, anakhala pakhonde mpaka mdima, n'kufunsa ngati ndingawadulire kanthambi kokadzala kwawo ku Bembeke. Maluwa awiri okha m'kapu ya madzi amakwanira kununkhiritsa pabalaza ponse.

Dziwani kuti duwa lililonse silikhalitsa. Pakatha masiku ochepa limasanduka lachikasu kenaka lofiirira, ndipo mukaligwiragwira kapena kulithira madzi pamwamba limachita mawanga msanga. Thirirani patsinde basi. Mphukira za maluwa nazo sizifuna kusinthasintha: nditachoka sabata imodzi kupita kumaliro ku Ntcheu dothi linauma, ana n'kudzathira madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo mphukira zisanu zinagwa zisanamasule.

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, yang'anani kunsi kwa masamba. Mupeza nsabwe za zomera, ndipo zikachuluka masamba amada ngati apakidwa mwaye. Ine ndimatsuka ndi madzi a sopo ochepa mphamvu, madzulo, kawiri pa sabata mpaka zitatha.

Kwa amene amakhala pakhomo ndipo angathe kuthirira mosadumphitsa, mbandezi ndi zabwino, mizu yake inali yathanzi. Maluwa akatha ndidzadulira nthambi, ndipo zina ndidzazizika mumchenga wonyowa pamthunzi kuti apongozi apeze yawo. Pamalo paja pakhitchini ndafukula dothi lonse la phulusa, ndabweretsa lina la pansi pa mitengo ya paini, ndipo Loweruka ndikupita kwa abambo omwewo kukatenga mbande ina.