Khosi la gitala yamagetsi: la masikuluwu kapena lomata ndi guluu?

Wophunzira kupanga gitala yamagetsi pamanja ayenera kusankha msanga momwe adzalumikizire khosi ku thupi la gitalayo. Njira ya Leo Fender, wopanga magitala wa ku America, yomwe inatchuka ndi gitala yake yotchedwa Telecaster kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndi yomanga khosi ndi masikuluwu anayi odutsa pa kachitsulo kakumbuyo. Kwa wongoyamba kumene, njirayi ndi yokhululuka: zingwe zikatalikirana kwambiri ndi khosi, amamasula masikuluwuwo, n'kulowetsa kathabwa kopyapyala pamene pakhala khosi, n'kumanganso, ndipo khosi likapindika amasema lina osataya thupi lomwe analikhetsera thukuta.

Gitala yotchedwa Gibson Les Paul, yomwe inatuluka mu 1952, ili ndi khosi lomata. Nsonga yake imalowa m'mphako yosemedwa m'thupi mopendekekera kumbuyo pang'ono, ndipo guluu akauma kupendekekako kutalakwika, kulimatula kumafuna nthunzi ndi kuleza mtima kwakukulu. Oimba ambiri amati khosi lomata limachititsa kuti mawu alire nthawi yaitali, koma ine ndimaona kuti mphako yosemedwa mothina bwino, yopanda mpata ngakhale wolowa pepala, ndiyo yofunika koposa. Pa gitala yoyamba ndingasankhe masikuluwu.