Khoma akonza, koma mabilu a alangizi aja sakutha

Bilu ina yafika sabata yathayi kuchokera ku kampani ya alangizi a zomangamanga imene ndinaiyamikira chaka chatha, ndiye ndati ndilembenso, poti abale angapo amene akugula nyumba zatsopano kuno ku Gauteng, ku South Africa, akhala akundifunsa ngati anthuwa ndi oyenera ndalama zimene amalipiritsa.

Mwachidule kwa amene simunamve nkhaniyi: tinagula nyumba yongomangidwa kumene kumpoto kwa Pretoria. Dzinja lachiwiri lisanathe, khoma la pabalaza linang'aluka kuyambira pakona ya windo mpaka pansi, ndipo chitseko cha kukhitchini chinayamba kukana kutsekeka. Kontilakitala anati ndi pulasitala chabe. Loya wathu anati popanda lipoti la injiniya mlandu palibe, natilozera kampani ina imene ntchito yake ndi kufufuza zolakwika pa zomangamanga ndi kukachitira umboni kukhoti.

Zabwino zawo sindingazibise. Akati abwera mawa, amabweradi. Amene amasayina malipoti ndi injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya m'dziko muno, choncho mbali inayo sinathe kunena kuti ndi munthu wamba. Masiku a malamulo amawadziwa pamtima. Ndi iwo amene anandifotokozera kuti pa nyumba yolembetsedwa ku NHBRC, bungwe lolembetsa omanga nyumba ndi kuteteza ogula nyumba zatsopano, motsatira lamulo la 1998, zolakwika zing'onozing'ono umayenera kuzinena m'miyezi itatu yoyamba, denga lodontha m'chaka chimodzi, ndipo zolakwika zazikulu za maziko ndi makoma m'zaka zisanu, komanso kuti thumba la bungweli silipereka zoposa R500,000 pa nyumba imodzi. Anandikumbutsanso za Prescription Act ya 1969: zaka zitatu zikadutsa chidziwireni vutolo usanasume, mlandu umafa.

Chimene chinandidabwitsa ndi bambo wamkulu wa kampaniyo. Ine ndinkafuna kuti mng'alu uliwonse ulowe mu lipoti. Iwo anamata timapulasitiki tokhala ndi mizere ya mamilimita pa ming'alu yonse, n'kumabwera kudzawerenga kuyambira m'chilimwe mpaka mvula itatha. Pamapeto pake anandiuza mosapita m'mbali kuti ming'alu yambiri ndi ya pulasitala amene anauma msanga, siikuyenda, ndipo sailemba ngati vuto la maziko. Iwiri yokha ndi imene inkatseguka ndi kutsekeka motsatira nyengo. Nyumbayi ili pa dothi lakuda longa makande a ku Chikwawa, lotupa likamwa madzi n'kunyala likauma. Maziko anali opepuka kuposa mmene dothi lotere limafunira, ndipo paipi ya gatala inkathira madzi pakona pomwepo. Ndinawakwiyira tsiku limenelo, poti ndine ndinkawalipira. Anayankha kuti katswiri akaima m'khoti amathandiza woweruza, osati amene wamulemba ntchito, ndipo akakokomeza chimodzi, loya wa mbali inayo amagwetsa lipoti lonse. Zinathekadi monga ananenera. Atakumana ndi injiniya wa kontilakitala kuti alembe chikalata chimodzi cha zimene akugwirizana ndi zimene akusiyana, mnzawoyo anavomereza ming'alu iwiri ija. Mlandu sunafike pamaso pa jaji. Kontilakitala analimbitsa maziko a mbali imeneyo, nakonza njira ya madzi, n'kuthira konkire kuzungulira nyumba. Mvula ya chaka chino yagwa, chitseko chikutsekeka.

Ndikanalekera pamenepa ndikanati pitani nonse. Koma nkhani ya ndalama ndi imene yandibweza.

Koteshoni imene ndinasayina inali ya R28,000, ndipo pamwamba pake analemba kuti "gawo loyamba". Palibe amene ananena kuti magawo alipo angati. Gawo loyambalo linali kuyendera nyumba ndi lipoti lachidule basi. Kukumba maenje oyesera dothi ndi kulitumiza kulabu, gawo lachiwiri. Kusandutsa lipoti lija kukhala chidule cha umboni chimene khoti lalikulu limafuna pa Rule 36(9), lamulo lake la umboni wa akatswiri, gawo lachitatu, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuwerenga maola. Foni ya mphindi zochepa ndi loya wanga, ilipo pa bilu. Imelo yongoti talandira zithunzi, ilipo. Mafuta a galimoto, pa kilomita.

Zimenezo ndikanapirira, chifukwa maloya nawonso amatero. Chondipweteka ndi kusinthasintha kwa anthu. Bambo wamkulu uja amangosayina; ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi mainjiniya achinyamata, ndipo pakampanipo sakhalitsa. Woyamba anachoka mlandu uli mkati. Wachiwiri anabwera kudzandifunsa mafunso omwe aja, mng'alu unayamba liti, mtengo uwu munadzala ndinu kapena munaupeza, ndipo pa bilu panatuluka maola a "kuwerenga fayilo". Wachiwiriyo atachokanso, wachitatu anachita chimodzimodzi. Ndiye kuti ine ndikulipirira kuti antchito awo atsopano aphunzire zimene kampani yawo ikuzidziwa kale. Ndinadandaula, mayi wa ku akaunti anati achotsa. Mwezi wotsatira maolawo anabwereranso, atawatchula kuti "kulumikizana ndi gulu". Bilu yafikayi ndi ya kutseka fayilo ndi kusunga mapepala, miyezi itadutsa kontilakitala atachotsa kale zida zake pabwalo. Kusunga mapepala, abale anga!

Ndinawafunsapo ngati sangadikire kuti adzalandire mlandu ukatha, monga amachitira maloya ena pansi pa Contingency Fees Act ya 1997, imene imati loya asatenge zoposa 25 peresenti ya ndalama zimene wapatsidwa pa mlanduwo. Anakana, ndipo apa ndikuwamvetsa: mboni imene malipiro ake akudalira kupambana kwa mlandu siingakhulupirike. Koma zotsatira zake n'zakuti mwini nyumba ndiye amasenza zonse, uku akubweza ngongole ya nyumba yomweyo kubanki. Pa mgwirizano wathu kontilakitala anavomera kubweza gawo la ndalama za akatswiri, osati zonse, monganso zimakhalira ukawina kukhoti, poti ndalama zimene woluza amalamulidwa kubweza sizifika pa zimene unawononga. Nditawerengetsera, zimene ndapereka kwa alangizi zapitirira katatu koteshoni ija.

Tsiku lina ndikayang'ana khoma ndimati ndalamazo zinagwira ntchito, chifukwa pandekha kontilakitala uja akanandipaka penti pamng'alu n'kundisiya. Ndikatsegula imelo n'kupeza bilu, ndimalakalaka ndikanangofuna injiniya woyima payekha. Mlamu wanga wa ku Centurion, amene denga lake likudontha, ndamuuza kuti pa denga asawaitane, ayambe wadandaula kwa womanga ndi ku NHBRC chaka chisanathe. Wa vuto la maziko angapite, koma asasayine mpaka atalemberedwa magawo onse, mtengo wa gawo lililonse, dzina la amene agwire ntchitoyo, ndi mawu akuti akasintha munthu, kuwerenga fayilo n'kwawo.

Bilu yatsopanoyi ndalipira theka limene ndikulimvetsa. Theka linalo ndawalembera kuti anditumizire ndandanda wa maola, wosonyeza amene anagwira, tsiku lake ndi chimene anachita. Mayi wa ku akaunti wayankha kuti bambo wamkulu ali kukhoti ku Johannesburg sabata yonse ino.