Wilibala ya kutsogolo kapena ngolo ya kumbuyo: pa chitunda tidalire chiti?

Malo amene amalume anga amalima ku Christon Bank, kumpoto kwa Harare, ali m'mbali mwa phiri. Khola lili pamwamba, dimba lili kumunsi kufupi ndi madzi, ndiye manyowa onse amatsikira kanjira kopapatiza ka miyala. Pamenepo ndagwirapo ntchito ndi zida ziwiri: ngolo yokokedwa ndi thirakitala ya matayala awiri ya ku China, ndi wilibala yomangirira kutsogolo kwa thirakitala ya BCS ya ku Italy, nayonso ya matayala awiri, imene timabwereka kwa aneba. Abale athu a ku Tafara ndi ku Mabvuku mu Harare, amene ali ndi minda ku Goromonzi ndi ku Domboshava, sandipatsa mpata ndi funso loti agule chiti.

Tikanena za kuchuluka kwa katundu, ngolo ilibe mnzake. Pa msewu wabwino imanyamula matumba 20 a simenti, tani yathunthu, iwe uli phee pampando. Wilibala ya aneba ija imatenga katundu wa mawilibala wamba atatu basi, iwe ukuitsatira wapansi. Amene munda wake ndi wachidikha asavutike n'kuwerenga zotsalazi, akagule ngolo.

Pa chitunda nkhani imatembenuka. Katundu wa m'ngolo amakhala pa matayala a ngoloyo, amene injini siwazunguza. Mvula ikangonyowetsa katondo, matayala a thirakitala amangozungulira pamodzimodzi, kukumba dzenje, ngolo osasuntha. Wilibala ya kutsogolo imapanikiza matayala a thirakitala ndi gawo la katundu wake, choncho amaluma nthaka. Ukatsekanso difu (magiya amene amalola tayala limodzi kuzungulira mosiyana ndi linzake), matayala onse awiri amakoka pamodzi. Ulendo uliwonse umanyamula pang'ono, inde, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kukwera n'kwapafupi. Choopsa ndi kutsika, ndipo apa ndikufuna a thirakitala za ku China amvetsetse. Makina amenewa amakhotetsedwa ndi timakilatchi tiwiri ta pa zigwiriro. Ukafinya ka kumanzere, tayala la kumanzere limasiya kukoka ndipo thirakitala imakhotera kumanzere. Koma pa mtsetse, ngolo yodzaza ikukankha kumbuyo, tayala limene walimasulalo limayamba kuthamanga kuposa linzake limene injini ikadaligwira. Wafinya kumanzere, makina akhotera kumanja. Zinandichitikira ndikutsitsa manyowa anyowa: thirakitala inaloza ku chigwembe, ngolo inapindikira m'mbali, chigwiriro n'kundikwapula m'nthiti. Amalume anangogwira pakamwa, kenako anati, “Mphwanga, tsika, tiwole ndi fosholo.” Kulakwa kunali kwanga, ndinadzaza mosefukira ndipo buleki ya ngolo ndinaiponda mochedwa.

BCS ya aneba ili ndi difu komanso buleki pa tayala lililonse, ndiye siichita zotembenuka zimenezi. Zigwiriro zake zimazungulira mbali inayo, n'chifukwa chake wilibala imatha kukhala kutsogolo, iwe ukuona katundu ndi njira. Pofika pa bedi umangopendeketsa, manyowa khuthu pamalo pomwe ukuwafuna. Ndi ngolo uyenera kupeza potembenukira, ndipo pa kanjira kathu palibe.

Wilibalayi ndisaikometse mopitirira. Timatayala take ta kutsogolo n'tating'ono, timatitimira m'matope ndi kukodwa pa miyala. Potsetsereka katundu amathawira kutsogolo, matayala a thirakitala n'kupepukidwa, choncho umadzaza theka, umaika giya yoyamba usanayambe kutsika, ndipo pakati pa mtsetse susintha giya. Kudutsa chitunda cham'mbali ndiye ayi, imafuna kugubuduka pokhapokha utatalikitsa matayala. Injini ya BCS imeneyi ndi Honda GX ya petulo, ili ndi Oil Alert imene imazimitsa injini oyilo akachepa. Makina akapendekeka kwambiri oyilo amathawira mbali imodzi, injini n'kuzima iwe uli pakati pa chitunda. Yang'anani oyilo m'mawa uliwonse.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira: Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo injini yopanda tebo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Mphamvu zolembedwa pa chikwangwani cha injini kuno sizifika zonse, kaya ndi ya dizilo kaya ya petulo.

Ku thumba, ya ku China imapambana kutali. Malamba, mabering'i ndi mapisitoni ake amapezeka m'tauni momwemu, ndipo ngolo akhoza kukuwotchererani anyamata a ku Magaba ku Mbare. Ya ku Italy ikathyoka kachitsulo kamodzi mudikira kuti kachokere kunja. Ena amafunsa ngati angawotcheretse wilibala kutsogolo kwa ya ku China. Ine sindingayese. Injini yakhala kale kutsogoloko, zigwiriro sizizungulira, ndipo timakilatchi tija tikhalabe tomweto.

Ziliponso ngolo zimene matayala ake amazunguzidwa ndi PTO ya thirakitala (chitsulo chozungulira chopereka mphamvu ya injini ku zida), zopangidwira minda ya m'mapiri, komanso mawilibala okhala ndi injini yawoyawo monga Muck-Truck, yonyamula makilogalamu 250. Yachiwiriyi ndi injini inanso yoisamalira, yomwe silima, sitchetcha udzu.

Kwa amalume tinagawa ntchito chonchi: ngolo imatenga feteleza ndi simenti kuchokera pa msewu kufika pa khola, pamenepo imaima. Kuchoka pa khola kutsikira ku dimba ndi wilibala ya aneba, ndipo tikaibwereka timaibweza thanki ili yodzaza, pamodzi ndi dengu la tomato.