Bokosi la timipira tomangira mamolekyulu: ndalipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndinaligula pa intaneti pokonzekera mayeso a kemisitiri ya mankhwala. Mkati muli timipira tapulasitiki ndi timitengo tolumikizira. Takuda ndi kaboni, toyera haidrojeni, tofiira okosijeni, tabuluu naitrojeni, monga mitundu imakhalira m'mabuku.

Panado, yemwe dzina lake lenileni ndi paracetamol, C8H9NO2, savuta kumanga. Mphete ya benzene ya makaboni 6 imagona fulati patebulo, OH (okosijeni ndi haidrojeni) mbali ino, gulu lokhala ndi naitrojeni lotchedwa amide mbali inayo moyang'anizana. Asipirini, C9H8O4, magulu ake awiri ali moyandikana pa mphete ya benzene, ndipo ukamugwira m'manja umaona momwe akupanikizirana.

Koma pomwe ndalama yanga inabwerera ndi pa ibuprofen, C13H18O2. Ali ndi kaboni mmodzi wogwira zinthu zinayi zosiyana: haidrojeni, CH3, COOH ndi mphete ya benzene. Papepala amajambula mzere wonenepa posonyeza gulu loloza kwa iwe ndi wina wodukaduka posonyeza loloza kumbuyo, ife n'kumangoloweza. Ine ndinamanga kaboni ameneyu kawiri, kachiwiri ndinasinthanitsa magulu awiri okha. Tembenuza, zunguliza, yesa kusanjika, sizigwirizana ayi, ngati nsapato yakumanja ndi yakumanzere. Imodzi imatchedwa S, yomwe imathetsa ululu, inayo imatchedwa R. Mapiritsi wamba amakhala ndi zonse ziwiri, ndipo thupi limasandutsa R wina kukhala S. Mng'ono wanga wa Fomu 3, yemwe amangobwera kudzaseweretsa timipira, anamvetsa izi ndisanamalize n'kufotokoza komwe.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa takuda n'tochepa. Kwinini, C20H24N2O2, amafuna makaboni 20, ndipo tanga tinatha ndisanatseke mbali yake yooneka ngati kakhola, yokhala ndi naitrojeni. Artemether, mmodzi wa mankhwala awiri a mu LA wa malungo, amafuna 16. Ndinachita kubwereka kwa mnzanga kuti ndione maokosijeni awiri olumikizana okhaokha, pomwe pagona mphamvu yake yopha tizilombo. Timitengo topindika ta ma double bond (pomwe timipira tiwiri timalumikizana ndi timitengo tiwiri) nato timayamba kukhwepa ukatigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo tatifupi timakanirira m'mabowo moti kuzula kwake zala zimawawa.

Ngati muli kusekondale, bokosi limodzi likukwanirani. A za mankhwala, sonkhani awiriawiri mugule awiri, ndipo musanalipire funsani wogulitsa kuti takuda tilimo tingati.