MiFi kapena Starlink Mini: yoyenda nayo ndi iti?

Ngati moyo wanu ndi wapaulendo, yambani mwaganiza za malo amene mumagonako. MiFi ndi kachipangizo kogawa intaneti kudzera pa Wi-Fi, ndipo imakwana m'thumba la malaya. Mukaikamo SIM khadi, foni ndi laputopu zonse zimalumikizika. Koma imadalira nsanja za mafoni: mukangotsikira m'chigwa, timizere ta netiweki timayamba kuzimiririka kamodzikamodzi, uthenga n'kukanirira osapita. Mukawoloka malire, nthawi zambiri pamafunika SIM ina.

Starlink Mini, dishi yaing'ono ya intaneti yomwe inatuluka mu 2024, imalumikizana ndi masetilaiti. Kuthengo imagwira bwinobwino bola kumwamba kukhale poyera, chifukwa pansi pa mitengo yowirira imangodukaduka. Imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, imadya magetsi ambiri, ndipo si mayiko onse amene anailoleza.

Ine ndimanyamula MiFi, pokhapokha ndikamapita kumene kulibiretu nsanja.