Pa Mchinji tsikani, mukadye nkhwani wotendera kuseri kwa msika

Ambiri ochokera ku Lilongwe amatha makilomita oposa 100 a msewu wa M12 maso ali ku chipata cha Mwami cholowera ku Zambia, ndipo Mchinji amangoionera pawindo la minibasi. Ine ndikuti tsikani. Kuseri kwa msika wa pa boma kuli malo odyera opanda chikwangwani, a mayi wina wachingoni, mabenchi ndi matebulo ochepa pansi pa malata. Ndiwo zake zokha n'zokwanira kukugonetsani m'tauniyi.

Kuno n'kwawo kwa mtedza, ndipo amayiwa sagula nsinjiro za m'mapepala. Amasankha okha mtedza wa Chalimbana, kutaya wovunda, n'kusinja mumtondo inu mukuona. Nkhwani amausadzula bwinobwino moti simupezamo ulusi, amaudula mosalala, kuthira tomato ndi chidulo pang'ono, ndipo nsinjirozo amazilola zipse mpaka mafuta ayambe kuyandama m'mbali mwa poto. Ndiye chinsinsi chake chimenecho: nsinjiro zosapsa zimamveka chiwisi pakhosi, izi ayi. Nsima ilipo ya mgaiwa ndi yoyera, koma ine ndimasankha mgaiwa. Nkhuku ndi yalokolo, yolimba, ya msuzi wopanda zokometsera zambirimbiri. Masiku ena mumapezanso chikanda chobwera ndi amayi a geni ochokera kutsidya, chodulidwa mapisi, chothira tsabola.

Pabenchi mumakhala ndi anthu osiyanasiyana. Uyu akuyankhula Chichewa, uyo Chinsenga, wina akusintha makwacha a ku Zambia, onse akusamba m'manja m'beseni limodzi. Malire anadutsa pakati pa abale: Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi amodzi ndi a Mpezeni a ku Chipata. N'chifukwa chake kumapeto kwa February malowa amadzaza ndi opita ku mwambo wa Angoni wa Ncwala ku Mtenguleni ku Zambia, ndipo kumapeto kwa August ndi Achewa opita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Nditafunsa za gule wamkulu, amayiwo anandiuza mosabisa kuti: "Mwanangu, ku dambwe sikopita alendo. Dikirani aitanidwe pabwalo, mukaonere muli ndi kangachepe kosupira." Ndinawalemekeza kwambiri pa mawu amenewo, poti ena akanangofuna ndalama yanga.

Ndi iwonso amene anandipezera wakabaza wodziwa njira. Anandifikitsa ku Kachebere, ku seminale imene inatsegulidwa mu 1939 m'munsi mwa phiri, kenaka m'mphepete mwa nkhalango ya Mchinji, kumapiri kumene kumayambira mtsinje wa Bua. Misuku ndi mitondo ikadalipo, ndipo nthawi ya dzinja ana amagulitsa bowa m'mbali mwa njira. Koma zitsa ndi mauvuni a makala zikuchuluka, ndipo zimenezi zinandiwawa mtima.

Zofooka zilipo. Chilichonse amaphika pambaula, ndiye mukafika ndi njala yoopsa mudikira ndithu. Chimbudzi chili patali ndipo madzi sakhalamo nthawi zonse. Apa amayi akonzepo, chifukwa alendo ena sangabwererenso. Nkhwaniwo umatha msanga, ikamakwana 1 koloko mumapeza nyemba zokha. Mtengo ndi wa munthu wamba, ndipo amalandira ndalama za pafoni. Fikani isanakwane 12 koloko, ndipo ngati muli gulu tumani wakabaza m'mawa akawauze kuti awonjezere mtedza mumtondo.